Lisiti la msonkho limene ndinakana kugula

Mayi wina wachikulire anandipeza pa msika wa Songani atamva kuti ine ndimagula mapepala akale. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, kofiirira ngati tsamba la fodya wouma. Linali lisiti la msonkho la malemu bambo awo, la m'nthawi ya atsamunda, ndipo ankafuna kudziwa kuti lingagulidwe ndalama zingati.

Ndagwira ntchito yosonkhanitsa ndi kuyesa mtengo wa mapepala otere kwa zaka zambiri, ndipo funso limeneli ndimalimva kawirikawiri. Ambiri amaganiza kuti pepala likakalamba ndiye kuti lasanduka chuma. Maganizo omwewa ndi amene amayendetsa anyamata m'midzi kufunafuna makobiri obowola a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe makobiriwo anasulidwa ochuluka zedi moti ogula enieni sawathamangira. Mtengo wa pepala umachokera pa zinthu zina: ndi angati otere amene atsala, lasungidwa bwanji, likunena nkhani yanji, ndiponso ladutsa m'manja mwa yani kuti lifike pano.

Okushoni wa mapepala sasiyana kwenikweni ndi wa fodya umene alimi akhala akuudziwa ku Limbe kuyambira 1938. Wopereka zambiri ndiye amatenga. Kusiyana kwake n'koti makampani monga Spink wa ku London amayamba atulutsa buku la zithunzi za katundu yense, chilichonse ndi nambala yake komanso mtengo wongoyerekeza, ndipo masiku ano munthu amatha kupikisana nawo pa intaneti ali ku Zomba konkuno. Mwini katundu amaika mtengo wotsikitsitsa umene sangalole kuti apyole pansi pake. Chimene chimadzidzimutsa ogula atsopano n'choti nyundo ikagunda, mtengo watchulidwawo si womaliza. Kampani imaonjezerapo gawo lake, lomwe nthawi zambiri limakhala gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi a mtengowo, kenako pamabwera ndalama zotumizira. Wogulitsa nayenso amadulidwa zake.

Ku okushoni wotereyu kumapezeka masatifiketi a masheya a makampani amene ankachita malonda kuno, monga British Central Africa Company ndi Shire Highlands Railway. Ndi okongola, zilembo zokhotakhota, chidindo chotumphuka chimene chala chimachimva. Koma ankasindikizidwa ambirimbiri, ndipo ngati ali ndi timabowo tokhomedwa ndi makina ndiye kuti anathetsedwa kalekale; palibe banki imene ingakupatseni tambala chifukwa cha iwo. Chodula ndi chimene chinachitika mwangozi. Mu 1898 masitampa a kobiri limodzi atasowa m'dziko muno, boma linatenga chidindo chimene ankadinda pa macheke n'kuchidinda pa mapepala osindikizidwa ku Zomba, anthu n'kumatumizira makalata. Ena anawasayina kumbuyo mkulu wa positi, J. T. Gosling. Pa ochepa chidindocho chinadindidwa chozondoka, ndipo amenewo ndiwo osonkhanitsa amalimbirana mpaka lero.

Pepala likandifika m'manja ndimayamba ndaliyang'ana pa dzuwa, kuti ndione chizindikiro chimene opanga mapepala ankabisa m'kati mwake. Kenako inki. Inki yakale inali ndi chitsulo, motero imasanduka yofiirira ndipo nthawi zina imadya pepala mpaka kuboola. Wachinyengo akhoza kuviika pepala mu tiyi kuti lioneke lakale, koma mtundu wake umangofanana paliponse, pomwe ukalamba weniweni umayambira m'mphepete ndi m'mapindo.

Anthu a kuno sadziwa kuti akukhala pa malo a mbiri ya mapepala. Robert Hynde, amene anabwera ngati mphunzitsi wa mishoni ya Church of Scotland asanatsegule esiteti, anayambitsira ku Songani konkuno nyuzipepala ya Central African Planter mu 1895. Ndiyo inadzakhala Central African Times, kenako Nyasaland Times, ndipo lero ndi Daily Times. Ndikadutsa pamsika n'kuona mandasi akukulungidwa m'nyuzi, ndimaganiza za masamba oyambirira aja. Koma mtima wanga umapita kwambiri kwa anthu amene ankalima fodya pa maesiteti a azungu, ambiri a iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, omangidwa ndi thangata. Mzungu anasiya makalata, mabuku a ndalama ndi nyuzipepala. Wolimayo anasiya chiyani? Kawirikawiri dzina lake linalembedwa pa malo amodzi okha, pa lisiti la msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 unali masheleni atatu.

Pamwamba pa izo, mu 1919 moto unatentha likulu la maofesi a boma ku Zomba n'kupsereza mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda. Nyumba yosungira mbiri ya dziko, National Archives, inatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947, zambiri zitapita kale. N'chifukwa chake chitupa, kabuku ka ku positi kosungira ndalama, kalata yochokera ku Wenela kapena ku Halale, zimene zagona m'matiranki a m'midzi ya kwa Malemia, kwa ine n'zosowa kuposa satifiketi ya masheya ya ku London. Ku okushoni sizingapeze mtengo waukulu. Komabe ndi zokhazo zimene zingauze mdzukulu kuti agogo ake anali kuti chaka chakuti.

Zimene zimandiwawa ndimaziona mobwerezabwereza. Munthu pofuna kuteteza pepala amapita nalo kukalimata pulasitiki pa makina otentha, osadziwa kuti waliwononga kotheratu, poti silingamatulidwenso. Wina amalumikiza pong'ambika ndi selotepi, imene pakapita zaka imasiya banga losachoka. Mapini ndi mawaya omangira amachita dzimbiri. Chofunika n'chochepa: liwongoleni mosamala, liikeni pakati pa mapepala oyera, m'bokosi lokwezedwa pamwamba, kutali ndi chiswe, dzuwa ndi chinyezi cha m'dzinja cha m'chigwa cha Domasi. Ngati pepalalo likuoneka kuti ndi la boma, kafunseni kaye ku Archives musanaganize zoligulitsa kunja.

Mayi aja ndinawauza mtengo weniweni, woti sungakwane ngakhale thumba la feteleza. Kenako ndinawawerengera zimene zinalembedwapo: dzina la bambo awo, dzina la nyakwawa, chaka, ndi dzina la mudzi umene banjalo linkakhala lisanasamuke. Mudzi umenewo anali asanaumvepo. Anandipempha ndibwereze kawiri. Ndinalijambula pa foni atandilola, n'kuliika mu envelopu yoyera, ndipo analimanganso m'chitenje, nati akafunsa achemwali awo aakulu ngati akuukumbukira.