Chipani chimodzi, mitima iwiri: mkangano wa a Democrata ku Amereka

Pa 4 Novembro 2025, anthu a mumzinda wa New York, ku Amereka, anasankha Zohran Mamdani kuti akhale mtsogoleri wa mzinda wawo. Udindo umenewu kwathu kuno timautcha presidente wa município. Mamdani anali ndi zaka 34. Anabadwira ku Kampala, m'dziko la Uganda, ndipo anafika ku New York ali ndi zaka 7. Munthu amene analimbana naye kwambiri pa chisankhocho anali wa m'chipani chake chomwecho cha Democrata: Andrew Cuomo, amene anakhala governador wa chigawo chonse cha New York kuyambira 2011 mpaka 2021.

Zimatheka bwanji kuti anthu a chipani chimodzi alimbane chonchi?

Tiyambe ndi kasankhidwe. Kwathu kuno, chipani ndicho chimakonza ndandanda ya anthu ake. Kuyambira 2018, amene ali pamwamba pa ndandanda yopambana, cabeça de lista, ndiye amakhala presidente wa município. Ife timavotera ndandanda imene yakonzedwa kale. Ku Amereka kuli zipani ziwiri zikuluzikulu, cha Democrata ndi cha Republicano, ndipo kumachitika chisankho choyamba chotchedwa primárias. Pa chisankho chimenechi, anthu wamba otsatira chipani amapita kukavota kuti asankhe yemwe adzaimire chipanicho. Mamdani anagonjetsa Cuomo pa primárias mu Junho 2025. Cuomo sanagonje mumtima. Anabweranso mu Novembro ngati woima payekha, nagonjanso kachiwiri.

M'chipani cha Democrata muli magulu awiri amene sagwirizana. Gulu loyamba pa Chipwitikizi mudzalimva likutchedwa progressistas. Awa amati chuma cha dziko chagwidwa ndi anthu ochepa olemera kwambiri. Amafuna kuti olemerawo azilipira msonkho wambiri, malipiro a antchito akwere, ndipo boma lizilipirira chipatala munthu aliyense. Gulu lachiwiri ndi la akuluakulu amene akhala akuyendetsa chipani kwa zaka zambiri, ma liberais kapena moderados. Nawonso amati osauka athandizidwe, koma pang'onopang'ono, popanda kuopseza eni makampani ndi mabanki. Mawu awo tingawafupikitse ndi mwambi wathu uja: kuthamanga sikufika.

Mkanganowu unaonekera poyera mu 2016. Akuluakulu a chipani anali atakonda kale Hillary Clinton kuti aimire chipani pa mpando wa mtsogoleri wa dziko. Ndiye panatulukira mkulu wina wa imvi, Bernie Sanders, wochokera ku chigawo chaching'ono cha Vermont. Ambiri anamuyesa wongodutsa. Koma achinyamata anadzaza mabwalo pa misonkhano yake, ndipo pa mavoti 100 aliwonse a primárias iye anapeza pafupifupi 43. Clinton anapeza pafupifupi 55.

Apa nkhani ya ndalama ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndipo pagona mkangano wonse. Kampeni ku Amereka imadya ndalama zambirimbiri. Andale ambiri amazipeza kwa anthu olemera. Sanders ankapempha kwa anthu wamba kudzera pa intaneti, ndipo ankanyadira kuti chopereka chimodzi chinkakhala cha madola 27 tikagawa mofanana, ndiye kuti pafupifupi meticais 1,700. Funso lake linali losavuta: munthu amene wakulipirira kampeni, ukapambana udzamukana bwanji? A mbali inayo ankayankha kuti adani awo a Republicano amalandira ndalama za olemera, ndiye kuzikana n'chimodzimodzi kupita ku nkhondo chimanjamanja.

Panalinso nkhani ina imene inawawa otsatira Sanders. Pa msonkhano waukulu wosankha woimira chipani pamakhala nthumwi zochokera ku mavoti a anthu. Koma panalinso nthumwi zina zoposa 700, akuluakulu a chipani, amene anali ndi ufulu wovotera aliyense amene amufuna. Ambiri mwa iwo ananeneratu kuti ali kumbali ya Clinton anthu asanayambe n'kuvota komwe. Kunena zoona, Clinton anapambana ndi mavoti a anthu wamba omwe, mamiliyoni oposa atatu kuposa Sanders. Komabe anthu anaona ngati mlandu unagamulidwa bwalo lisanakhale. Mu Julho 2016 makalata achinsinsi a ku likulu la chipani anaululika, ndipo anaonetsa kuti ena mwa ogwira ntchito kumeneko sankamufuna Sanders. Wapampando wa chipani, Debbie Wasserman Schultz, anatula pansi udindo. Mu Novembro, Clinton anagonja kwa Donald Trump.

Otsatira Sanders sanatuluke kukayambitsa chipani chawo. Anakhala momwemo n'kumenyera kuti lamulo lisinthe. Mu Agosto 2018 chipani chinavomera kuti nthumwi zapaderazo zisamagamulenso nkhani pa voti yoyamba. Chaka chomwecho mtsikana wa zaka 28, Alexandria Ocasio-Cortez, amene ankagwira ntchito yogulitsa zakumwa, anagonjetsa pa primárias Joe Crowley, phungu amene anakhala ku nyumba ya malamulo kuyambira 1999. Ine ndikuona kuti apa m'pamene pali phunziro la ife otsatira zipani: malamulo a m'kati mwa chipani nawonso amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kuwasintha.

Musaganize kuti uwu ndi mkangano wa mipando chabe. Umafika mpaka m'thumba la wantchito. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo la dziko lonse la Amereka limalola ndi madola 7.25 pa ola limodzi, ndipo sanasinthe kuyambira 2009, ngakhale zigawo zambiri zinakweza paokha. Kwa ife ndalamayi ingaoneke yambiri, koma kumeneko nyumba ya renda ndi chipatala n'zodula koopsa. Mu Março 2021 Sanders anapempha nyumba ya malamulo yotchedwa Senado kuti malipirowo afike madola 15. Anthu 42 anavomera, 58 anakana. Mwa okanawo, 8 anali a mbali ya Democrata.

Akuluakuluwo ali ndi mfundo zawo, ndipo si bwino kuzinyoza. Amati dziko la Amereka si New York yekha. Kuli zigawo 50, ndipo m'zigawo zambiri anthu amachita mantha akamva mawu oti socialismo, amene Sanders ndi Mamdani amawatchula mosabisa. Amakumbutsanso kuti lamulo la zaumoyo la 2010, lotchedwa Obamacare, silinathetse mavuto onse, koma linathandiza anthu mamiliyoni ambiri kupeza inshuwalansi ya chipatala. Kwa iwo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 2020 anasonkhana kumbuyo kwa Joe Biden, anagonjetsa Sanders kachiwiri, ndipo Biden anagonjetsa Trump. Koma mu 2024 Kamala Harris atagonja kwa Trump yemweyo, Sanders ananena poyera kuti chipani chinataya antchito, ndiye n'zosadabwitsa kuti antchitonso anachitaya.

Chisankho cha 4 Novembro 2025 sichinathetse nkhaniyi. Tsiku lomwe Mamdani anapambana, amayi awiri a gulu la moderados, Abigail Spanberger ndi Mikie Sherrill, anasankhidwa kukhala ma governador a Virginia ndi New Jersey. Gulu lililonse linaimba nthungululu n'kumati njira yake ndiyo yolondola. Chuck Schumer, mtsogoleri wa a Democrata ku Senado, amenenso kwawo ndi ku New York, sananene poyera kuti ali kumbali ya Mamdani mpaka tsiku lovota linafika.

Mamdani analowa ntchito pa 1 Janeiro 2026 atasenza malonjezo olemera: mabasi aulere, malo aulere osungirako ana aang'ono makolo akapita ku ntchito, masitolo a zakudya oyendetsedwa ndi mzinda, ndi kuletsa kukwera kwa renda m'nyumba pafupifupi miliyoni imodzi zimene mitengo yake imayang'aniridwa ndi lamulo. Anati ndalama zake zidzachokera ku msonkho wa makampani ndi wa anthu opeza madola oposa miliyoni imodzi pa chaka. Koma mtsogoleri wa mzinda alibe mphamvu yokweza msonkho umenewu payekha. Ayenera kupempha nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York ndi governador wake, Kathy Hochul. Mayiyu ndi wa Democrata, ndipo anamuthandiza Mamdani pa chisankho. Koma ndi wa gulu linalo, ndipo mu 2025 ananena kuti safuna kukweza msonkho wa pa ndalama zimene anthu amapeza.