NTCHITO YOLIMBITSA MATUPI: KHOMO LOTSEGUKIRA OTULUKA M'NDENDE

Tsiku limene wandende atuluka pa chipata cha ndende, abale ake amakondwera nanena kuti chilango chatha. Komatu kwa anthu ambiri otere, chilango china chimayamba tsiku lomwelo. Munthu akapita kukafuna ntchito, olemba ntchito amayamba afunsa za mbiri yake, ndipo akangomva za ndende nkhope zao zimasintha. Ku America, boma lidatsata anthu amene adatulutsidwa m'ndende za m'zigawo 30 za dzikolo m'chaka cha 2005, ndipo lidapeza kuti aŵiri mwa atatu alionse adagwidwanso zisanathe zaka zitatu. Zifukwa zake n'zambiri, koma china chachikulu ndicho kusoŵa ntchito yoti munthu adyerepo thukuta lake.

M'maiko ena mwapezeka njira imene ambiri sitikadaiganizira. Anthu otuluka m'ndende akuphunzira ntchito yophunzitsa anzao maseŵera olimbitsa thupi, ndipo akulandira nayo malipiro.

Mmodzi wa anthu odziŵika pa nkhaniyi ndiye Coss Marte wa mu mzinda wa New York, mwana wa makolo ochokera ku Dominican Republic. Iyeyu adayamba kugulitsa mankhwala ozunguza bongo akali mnyamata, ndipo m'chaka cha 2009, ali ndi zaka 23, adagwidwa nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 7. Ataloŵa m'ndendemo, madokotala adamuuza kuti mafuta adachuluka m'magazi mwake, kotero kuti akapanda kusintha, akadatha kufa zisanathe zaka zisanu. Mau ameneŵa adamlasa mtima. Adayamba kuthamanga pa bwalo la ndende ndi kulimbitsa thupi m'kachipinda kake kopanikiza, wopanda chitsulo chonyamula kapena makina ena alionse. Pa miyezi 6 adaonda ndi mapaundi 70, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 32, ndipo andende anzake oposa 20 adayamba kutsata chitsanzo chake.

Mwini wake amasimba kuti mtima wake udatembenuka pamene adamtsekera m'chipinda cha yekha. M'menemo adaŵerenga Salimo 91, limene mlongo wake adamlangiza kuti aŵerenge, ndipo adazindikira kuipa kwa malonda amene adaononga nawo miyoyo ya anthu a kwao. Atatuluka m'chaka cha 2013 adayendayenda kufuna ntchito, koma zitseko zidali zotseka. Tsono adayamba kuphunzitsa anthu maseŵera aja pa bwalo la m'mzinda, ndipo m'chaka cha 2014 adakhazikitsa bizinesi yake yotchedwa ConBody. Aphunzitsi amene adaŵalemba ntchito adali anthu otuluka m'ndende monga iye mwini.

Mu mzinda womwewo, Hector Guadalupe, amene adakhala m'ndende zaka 10, adayambitsa bungwe la A Second U Foundation, lokonzekeretsa anthu otuluka m'ndende kuti alembe mayeso a ntchitoyi ndi kupeza malo m'nyumba zochitiramo maseŵera. Ku Britain nako, m'chaka cha 2018, Pulofesa Rosie Meek adalembera boma lipoti losonyeza phindu la maseŵera m'ndende. M'chaka chomwecho David Dein, amene kale adali mmodzi wa akuluakulu a timu ya Arsenal, adayambitsa Twinning Project, ntchito yogwirizanitsa ndende ndi matimu a mpira kuti andende aphunzire uphunzitsi wa mpira asanatuluke.

Nanga n'chifukwa ninji ntchito imeneyi ikuŵayenera anthu otere? Choyamba, siilira chuma chambiri poyamba. Mmisiri wa matabwa afunika macheka ndi zipangizo zina, wa golosale afunika mpamba, koma mphunzitsi wa maseŵera angathe kuyamba ndi thupi lake ndi bwalo. Chachiŵiri, ambiri a iwo adaizoloŵera ali m'ndende momwemo, kumene nthaŵi ili yochuluka ndipo zochita n'zochepa. Chachitatu, wophunzira amayang'ana ngati thupi lake likusintha ndiponso ngati mphunzitsi akusunga nthaŵi, ndipo pakapita miyezi mbiri yakale ija imayamba kuzilala. Akulu adati ukaipa dziŵa nyimbo. Munthu amene dzina lake lidaipa afunika luso loti anthu amfunire.

Koma achinyamata asaganize kuti minofu yokha ndi yokwanira. Mphunzitsi woona ayenera kuphunzira za mafupa ndi minyewa, za kayendedwe ka magazi, za zakudya, ndiponso za chithandizo choyamba kwa munthu wokomoka kapena wovulala. Ayenera kukhoza mayeso ndi kulandira setifiketi, pakuti kuphunzitsa mayi wodwala mtima monga momwe ungaphunzitsire mnyamata wa mpira kungathe kudzetsa maliro. Malipiro akenso sakhazikika, chifukwa amadalira kuchuluka kwa ophunzira. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, nyumba za maseŵera za ku New York zidatsekedwa kwa miyezi, ndipo aphunzitsi ambiri adasoŵa pogwira. Choncho munthu wotuluka m'ndende afunikabe pogona, banja lomlandira, ndi abwenzi omchirikiza pa masiku a njala.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife Akhristu. Pamene Paulo adabweza Onesimo kwa Filemoni, adadziŵa bwino lomwe kuti kapoloyo adathaŵa mbuye wake, komabe adampempherera malo monga mbale, nalonjeza kulipira yekha ngongole yake. Chomwechonso, kukhululukira munthu m'tchalitchi tsiku la Sabata ndi kummana ntchito Lolemba ndiko kumbwezera ku njira imene idamtengera ku ndende. M'mizinda yathu matenda a shuga ndi othamanga magazi akuchuluka, ndipo anthu ofuna wina woŵatsogolera pa maseŵera alipo. Mipingo yambiri ili ndi mabwalo amene amangokhala sabata yonse. Kodi akulu a mpingo sangathe kulola mbale wotuluka m'ndende, amene ali ndi lusoli, kuti atsogolere abambo ndi anyamata m'maŵa uliwonse, aliyense naponyapo kangachepe?

Pochita zimenezi tiyenera kuyenda ndi nzeru. Milandu imasiyana, ndipo pali ina imene woipalamula sayenera kuikidwa pakati pa ana. Akulu adziŵe mlandu wa munthuyo, amyambitse pakati pa akuluakulu anzake, ndipo akhale naye pafupi. Kuteroko kudzateteza nkhosa ndi kumtetezanso iye ku mayesero ndi ku miseche.

Inu makolo amene mwana wanu ali m'ndende, musataye mtima. Mukapita kukamuona, mfunseni luso limene akuphunzira, ndipo yambani lero kumkonzera pofikira. Inu achinyamata, samalani matupi anu ndi kupeŵa magulu oipa, pakuti zaka zotayika m'ndende sizibwerera. Ndipo ife tonse, tikamva kuti mnzathu watuluka, tikamchezere ndi kumfunsa zimene manja ake angathe kuchita. Ambuye atipatse mtima wotere.