Injini Yalowa Koma Boneti Ikukana Kutseka

Anzanga, ena mwa ife tikamaliza Folomu 4 tidzakhala amakaniko. Ndiye tamvani vuto limodzi lomwe limavutitsa anthu a m'magalaja.

Injini ya galimoto ikafa, mwini wake nthawi zina amagula ya mtundu wina, yokulirapo. Amakaniko aimanga bwinobwino, koma potseka boneti, gwa! Yagunda injini.

Wina atha kunena kuti, "Ingokanikizani itseke basi." Ayi ndithu. Injini sikhala phee. Imakhala pa mamauntini a labala, ndipo dalaivala akaponda moto imagwedezekera mbali imodzi. Ikamakhula boneti imatha kuthyola eya kilina, kuperesa mapaipi kapena kusenda mawaya. Waya wosendeka akakhudza chitsulo, moto utha kubuka.

Choyamba ndi kuyeza. Popeza boneti ikatsekedwa simuona m'kati, amakaniko amaumba timipira ta dongo n'kutiika pamalo otalika a injini. Kenaka amatseka boneti pang'onopang'ono, n'kutsegulanso. Kukhuthala kwa dongo lophwatalalalo ndiye mpata womwe ulipo. Pamafunika mpata woposa sentimita imodzi.

Mpata ukachepa, njira zake ndi izi:

1. Kusintha eya kilina n'kuika yaifupi, kapena kuisunthira pambali ndi paipi. Iyi ndiye yotchipa.
2. Kutsitsa injini posintha mamauntini. Koma samalani: sampu, yomwe imasunga oyilo, imayandikira pansi. M'misewu yathu ya mahampu ndi miyala, sampu ikabooka oyilo amatayika ndipo injini imafa.
3. Kukweza boneti kumbuyo poika mawasha pa mahinji.
4. Kudula boneti n'kuwotcherera chitsulo chotukuka pamalo pomwe ikugunda.

Vutoli si la m'magalaja okha. Ngakhale mafakitale amalimbana nalo. Ku America, kampani ya Chrysler inapendeketsa injini yake madigiri 30 kuti ikwane pansi pa boneti yotsika ya Valiant ya 1960, n'chifukwa chake injiniyo imatchedwa Slant Six. Ku Britain, Jaguar E-Type ya 1961 ili ndi linunda pakati pa boneti lopatsa injini malo.

Ndiye masamu a ngodya ndi miyeso aja musamawathawe. Makaniko wanzeru amayeza kutalika kwa injini asanaigule, osati ndalama zitapita kale.