Mwini Chilimira Ndani? Za Ndalama Zoyendetsera Zisankho

Munthu wofika ku Ngala madzulo, kumpoto kwa Dwangwa m'boma la Nkhotakota, amaona nyali za asodzi zitandandalika panyanja ngati mudzi woyandama. Anyamata amakoka chilimira usiku wonse, ndipo kukacha usipa umayanikidwa pamathandala. Komatu aliyense wokulira m'mphepete mwa nyanja adziŵa kuti wonyowa ndi madzi sindiye mwini nsomba nthaŵi zonse. Ngati wamalonda anakongoza msodzi ndalama za mafuta a injini, usipawo uyenera kugulitsidwa kwa iyeyo, pamtengo umene iye anena. Msodzi angaŵiringule, koma ngongole yamtseka pakamwa.

Chisankho nachonso chimalira mafuta. Pokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, tonse tinaona magalimoto a zipani, zimkuzamawu, nsalu ndi malaya a nkhope za atsogoleri. Zinthu zimenezi zimadya ndalama zambiri. Tsono funso loyenera kufunsa kholo lililonse ndi wachinyamata aliyense ndi ili: ndalamazo zichokera kwa yani, ndipo mwiniwakeyo adzafuna chiyani chisankho chikatha?

Zimene Nkhotakota inaona kale

Anthu a boma lino sasoŵa wowauza za mphatso za alendo. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdullah, amene anatchuka ndi dzina loti Jumbe. Iye anadza ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, zinthu zimene mafumu ena anazilandira mokondwa. Malipiro ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankawolotsedwa nyanja m'zombo, nayendetsedwa mpaka ku Kilwa. Lero palibe amene agula akapolo pagombe lathu, koma phunziro lake likadalipo: mtsogoleri wodalira thumba la munthu wina amayamba kumvera thumbalo koposa anthu ake. Akulu anati kupatsa n'kuika. Wopereka mamiliyoni ku chipani kaŵirikaŵiri amakhala akuikiza, ndipo tsiku lina adzabwera kudzatenga, kaya ndi ntchito ya boma yomanga msewu, kaya malo, kaya chilolezo chokumba miyala ya mtengo wapatali.

Chifukwa chake boma limathandiza zipani

Amalaŵi atasankha ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993, amene analemba Malamulo Aakulu a dziko a 1994 anaganizira vuto limeneli. Gawo 40 la Malamulowo limalamula boma kupereka ndalama kwa chipani chilichonse chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo 10 pachisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuti chithe kupitiriza kuimira anthu amene anachisankha.

Mwina wina adzati, "Kodi n'chilungamo kuti msonkho wanga udyetse andale pamene kuchipatala mankhwala akusoŵa?" Funsoli ndi lomveka, ndipo siliyenera kunyozedwa. Komabe tikumbukire msodzi uja. Akadakhala ndi mafuta akeake, akadagulitsa usipa wake kwa aliyense amene wamkonda. Chipani cholandira ndalama za msonkho chili ndi mangaŵa kwa okhoma msonkho, ndiwo inu ndi ine, ndipo tili ndi mphamvu yochifunsa momwe chagwiritsira ntchito ndalamazo. Chipani chopanda thandizo lotere chimapita kukagogoda usiku pamakomo a anthu olemera. Chofooka cha dongosololi n'chakuti limakomera zipani zazikulu zokha. Chipani chatsopano sichilandira kanthu kufikira chitafika pamlingo uja.

Lamulo la zipani la 2018

M'chaka cha 2018 kunayamba kugwira ntchito lamulo latsopano loyendetsera zipani, loloŵa m'malo mwa lamulo la 1993. Mwa zina, lamuloli linati chipani chikalandira mphatso yokwana K1 miliyoni kapena kuposa kuchokera kwa munthu, kapenanso K2 miliyoni kuchokera ku bungwe, chiulule kwa Mlembi wa Zipani. Linaletsanso kugaŵira anthu ndalama ndi katundu pofuna kuŵakopa kuti avotere munthu, ndipo linaika chilango cha K10 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka 5. Zovala za chipani sizinaloŵe m'chiletsochi, chimodzimodzinso chopereka cha kutchalitchi chimene woperekayo sachilengeza. Mawu akuti "sachilengeza" tiŵasunge bwino, pakuti wofuna mpando amene aponya ndalama m'mbale uku dzina lake likutchulidwa mokweza akuchita chinthu china, osati kupereka chabe.

Lamulo lolembedwa silikwanira popanda wolisunga. Ofesi ya Mlembi wa Zipani inakhala zaka zoposa 5 yopanda mwiniwake weniweni, kufikira m'chaka cha 2024 pamene anasankhidwa Dr Kizito Tenthani. Zisankho za 2019 ndi 2020 zinachitika m'nyengo imeneyo.

Nanga ndalama zochokera kunja?

Lamulo la 2018 silinatseke khomo kwa opereka a kunja kwa Malaŵi. Linangofuna kuti mphatso zikuluzikulu ziululidwe. Maiko ena anapita patsogolo. Ku United States mlendo amene si nzika ndiponso alibe chilolezo chokhazikika m'dzikomo saloledwa kupereka ndalama zothandizira chisankho. Ku South Africa, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2021 limaletsa zipani kulandira mphatso kuchokera ku maboma a maiko ena.

Pano pafunika nzeru yosiyanitsa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Abwenzi akunja athandiza dziko lino kusindikiza mabuku, kumanga zipatala ndiponso kuphunzitsa anthu za kavotedwe. Thandizo lotere limapindulira onse ndipo limaperekedwa poyera. Mwana wa ku Ngala amene agwira ntchito ku Johannesburg, natumiza kangachepe ku chipani chimene achikonda, ndi Mmalaŵi ndithu, ndipo dziko ndi lake. Choopsa ndi kampani kapena boma lakunja limene lilibe voti kuno, silidzadwalira m'zipatala zathu, koma lifuna kutisankhira mtsogoleri mobisa kuti pambuyo pake lidzakolole. Anthu otere akaloŵa pakati pathu, voti ya mayi woyanika usipa imapepuka ngati mankhusu.

Mbali yathu

Inu makolo, kambiranani nkhaniyi ndi ana anu pakhomo. Mwana amene waona bambo ake akulandira ndalama ya voti adzakula akuyesa kuti umo ndimo ziyendera. Inu achinyamata, pa inu ndi pamene andale amathira ndalama zambiri, chifukwa ndinu ochuluka ndipo ambiri mwa inu muli pa ulova. Ndalama yolandira pamsonkhano imatha tsiku lomwelo, koma phungu amakhala pampando zaka 5.

Wofuna mpando akadzafika kumudzi kwanu, mufunseni mwaulemu mafunso aŵiri: "Bambo, kapena mayi, ndalama zoyendera zimenezi wakupatsani ndani? Kodi chipani chanu chinaulula kwa Mlembi wa Zipani?" Munthu woona sadzakwiya nawo mafunso otere. Ndipo phungu wanu mumpemphe kuti akalankhule m'Nyumba ya Malamulo za kuika malire pa ndalama zochokera kunja. Msodzi wanzeru amafunsa mwini chilimira ndi kagaŵidwe ka nsomba asanakwere bwato, pakuti pakati pa nyanja sipokambirana.