Gulugufe Ndiye Mthenga wa Mbozi

Akuru anati cakudza siciyimba ng'oma. Koma mbozi za m'munda zokha zimadza poyera, pakuti zisanafike zitsogoza mthenga wao, ndiye gulugufe. Mlimi wozolowera kupenya agulugufe ndi kulemba zimene waona adziwiratu bvuto limene lirinkudza pa cimanga ndi fodya wace.

Moyo wa gulugufe uli ndi makwerero anai. Poyamba ndi dzira. Dzira liswa mbozi. Mbozi ikakhuta isanduka cikwa, cimene cigona duu m'nthaka kapena m'phesi. Ndipo m'cikwamo muturuka gulugufe, amene aikiranso mazira. Mwa anaiwa wakudya mbeu ndi mbozi yokha.

Si agulugufe onse ali adani. A usana akatera aimika mapiko ao, ndipo ambiri sakhudza cimanga. Oyera aja oculuka pa mitengo ya kesha ku Kawale, Biwi ndi Area 23, mbozi zao zidya masamba a keshayo. Wamkuru wakuda wa maanga acikasu aikira pa mandimu ndi malalanje, ndipo mbozi yace ingasautse mbande za mitengoyi. Wofuna kuphunzira mitundu yotere apite ku nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, m'miyezi ya November ndi December, pamene mitengo yaphuka ndipo mvula yayamba.

Adani enieni ndiwo agulugufe a usiku, otuwa aja obwera pa nyali, amene akatera afunda mapiko pamsana. Wina mwa iwo ndiye mai wa kapuci. Kapuci agona m'mapesi akale cilimwe conse. Mvula ikagwa asanduka gulugufe, naikira mazira m'khwapa mwa masamba a cimanga canthete. Wina abala mbozi zobisala m'nthaka usana ndi kudula mbande za fodya usiku, pa nazale ndi m'munda mutangooka. Wina abala nchembere zandonda, zoyenda unyinji m'madambo. Pali mbale wacenso wa nchembere zandonda, wocokera ku America, amene anaoneka mu Africa m'caka ca 2016. Pofika December 2017 anaononga kotero kuti Boma linalengeza ngozi m'maboma 20 mwa 28. Mbozi yace muizindikira ndi cizindikiro conga Y wozondoka pamphumi, ndi madontho anai akuda kumcira. Gulugufe wace aikira mazira 100 kufikira 200 pamalo amodzi, nawaphimba ndi tiubweya totuwa, ndipo kukatentha aswa m'masiku 2 kapena 3. Cotero mlimi wozengereza sabata imodzi apeza nchito itamkulira.

Tsono kalembedwe kace nkotere. Gulani kope, ndipo mujambule mizere isanu: tsiku, malo, maonekedwe a gulugufe kapena mbozi, kuculuka kwace, ndi mbeu kapena mtengo umene munampezapo. Pambali lembaninso masiku a mvula.

1. Sankhani njira imodzi yodutsa m'munda kapena m'dimba mwanu, ndipo muiyende kawiri pa sabata, m'mawa dzuwa lisanakule.

2. Madzulo penyani pa nyali. Mukaona agulugufe otuwa aculuka koposa masiku ena, lembani, ndipo mawa lace mukafunefune mazira.

3. M'cimanga imani pa malo asanu otalikirana, ndipo pa malo ali onse yang'anani mapesi 10, kunsi kwa masamba ndi m'kati mwa nsonga momwe. Onse akhala 50.

4. Mukapanda kuona kanthu, lembani comweco. Tsiku lopanda kanthu ndilo lisonyeza pamene mdani anayambira.

Mukapeza mazira, aphwanyeni ndi zala pomwepo. Mbozi zazing'ono tolani ndi kuzipha. Koma ngati mwa mapesi 50 aja 10 ali ndi mbozi kapena masamba obooka kumene, pitani ndi kope lanu kwa mlangizi wa dera lanu, kuti akuuzeni mankhwala oyenera ndi muyeso wace. Musapopere wamba cifukwa ca agulugufe a usana: mutaya ndalama, ndipo muphanso njuci ndi mabvu, cikhalirenico mabvu agwira mbozi nakuthandizani. Mukakolola musaleke mapesi a cimanga ali ciriri m'munda, ndipo zitsa za fodya zulani msanga.

Ambiri a ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 alima timinda tating'ono toyandikana, ndipo gulugufe sadziwa malire. Nkwabwino tsono kuti anansi alinganize makope ao pa sabata, ndi kuti ana a sukulu athandize kulemba. Mukatero zaka ziwiri kapena zitatu, mudzadziwa nokha kuti kwanuko mbozi zibuka patapita masiku angati mvula itayamba, ndipo caka cotsatira zidzakupezani muli maso.