Mwana Akalakwira Lamulo, Zaka Zake Azidziwa Ndani?

Tiyerekeze kuti mnyamata wa kwa Dzoole wagwidwa ataba mbuzi, ndipo anthu apita naye ku polisi ya Mponela. Iye akuti ali ndi zaka 15, koma ndi wamtali ndipo tindevu tayamba kumera. Tsogolo lake latsamira pa funso limodzi: kodi ameneyu ndi mwana kapena wamkulu?

Ngati ndi mwana, malamulo athu amamuteteza kwambiri. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati makolo ake adziwitsidwe msanga, asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo mlandu wake upite ku khoti la ana. Ukakhala mlandu waung'ono ndipo iye wavomera kulakwa, nkhani ikhoza kuthera kunja kwa khoti: apepese, abweze chimene anaba, alandire uphungu. Lamuloli limaletsanso kuika mwana m'ndende, ndipo mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu konse. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa ngati mwana.

Papepala zonsezi nzabwino, koma kuti zigwire ntchito pafunika umboni wa zaka. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana akabadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, choncho achinyamata ambiri a m'midzi mwathu alibe chiphaso cha kubadwa. Chiphaso chikasowa, pamakhala chiopsezo choti zaka zingoyerekezedwa poona thupi. Mnyamata wathu uja akalembedwa kuti ali ndi zaka 19, chitetezo chonse chija chamuthawa tsiku lomwelo.

Ngakhale atadziwika kuti ndi mwana, vuto lina ndi malo. Sukulu za boma zosinthira khalidwe la ana zili ku Mpemba ku Blantyre ndi ku Chilwa ku Zomba, kutali ndi mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Kholo lodalira fodya ndi mtedza silingakwanitse kukamuona pafupipafupi. Kuchepa kwa malo otere kwachititsa kuti ana ena azipezeka m'ndende za achinyamata, moti mu 2018 Khoti Lalikulu linalamula kuti ana amene anali ku Bvumbwe ndi ku Kachere achotsedweko.

Nanga ife tichitepo chiyani? Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzasunga kaundula wa sukulu, ndipo tsiku lobadwa limene tidzalembemo likhoza kudzakhala umboni wothandiza mwana pamaso pa majisitireti. Tisadzalembe mongoyerekeza. Kumpingo, makolo akabweretsa khanda kuti lidalitsidwe, tiziwafunsanso ngati analilembetsa ku boma. Mwana wa mnzathu akagwidwa, tisathamangire kumumenya. Timuperekeze ku polisi, tiitane makolo ake, ndipo tifunse za mkulu woona za chisamaliro cha anthu wa m'boma lathu. Tikatero, kalata ya kubadwa kapena kaundula wa sukulu zidzayankhula mnyamata uja asanalembedwe zaka zimene sizake.