Amene Amaonetsa Mwana wa ku Hopley Njira ya ku Koleji

Koleji kapena yunivesite iliyonse imayenda chifukwa cholandira ophunzira atsopano chaka ndi chaka, ndipo ngakhale kuti pali ofesi imene inakhazikitsidwira ntchito yolemba ophunzirawo, gawo lalikulu la ntchito yowakopa ndi kuwatsogolera limagwera anthu amene sanalembedwere zimenezo, omwe ndi aphunzitsi a m'kalasi, makalaliki a m'maofesi, ndiponso ophunzira amene ali kale pasukulupo. Ku Malawi wophunzira amene wakhoza MSCE amapempha malo kamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, ndipo mayunivesite a boma amasankhira pamodzi. Ku Zimbabwe zinthu sizili choncho, pakuti sukulu iliyonse imalengeza payokha, imakhala ndi mafomu akeake, ndalama yakeyake yofunsira malo, ndi tsiku lakelake lotsekera, kotero kuti mwana amene alibe womuuza zinthu zimenezi angathe kukhoza bwino mayeso n'kungokhala pakhomo chaka chathunthu. Ku Hopley, kum'mwera kwa mzinda wa Harare, nkhaniyi imaoneka poyera kuposa m'madera ambiri.

Malo a Hopley anali famu mpaka m'chaka cha 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika m'matauni pa ntchito imene inatchedwa Murambatsvina. Nthumwi ya bungwe la United Nations, Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya, ndipo ena mwa iwo, makamaka ochokera ku Porta Farm kufupi ndi Norton, anakatulidwa ku Hopley kusanafike mipope ya madzi, misewu, kapena sukulu ya boma. Makolo anayamba okha timasukulu ta m'zisakasa tophunzitsidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo lipoti la Amnesty International la 2011 linasonyeza kuti sukulu zoterozo zinali zosalembetsedwa kuboma. Kuyambira nthawi imeneyo malowa akula kwambiri ndipo sukulu zawonjezeka, koma mbadwo umene unakulira m'zaka zoyambazo, womwe lero ukanakhala achimwene ndi achemwali olangiza ang'ono awo za koleji, ambiri mwa iwo sanafike n'komwe Fomu 4.

Mwa mabanja a kumeneko, monga m'madera ena ozungulira Harare, muli zidzukulu za machona, ndiko kuti amuna a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, n'kukhazikika osabwereranso kwawo. Ambiri a iwo anali ndi ziphaso zowasonyeza kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linawonjezera kuwatsekera kunja. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zina, chifukwa anavomereza kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linachokera m'dziko la SADC ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika, komanso anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe lamulo silisanduka pepala la m'manja palokha, ndipo kholo lopanda chiphaso limavutika kutengera mwana kalata ya kubadwa, yomwe koleji iliyonse imaifuna isanayang'ane n'komwe magiredi. N'zochititsa kulingalira kuti University of Zimbabwe ya ku Mount Pleasant, imene ana a mabanja amenewa amaiona ngati ili kutsidya kwa nyanja, inalandira ophunzira ake oyamba mu 1957 ili ndi dzina la University College of Rhodesia and Nyasaland.

Kuti munthu amvetse chimene wolangiza amagwira, ayenera kudziwa makwerero a maphunziro a dzikolo. Mayeso amakonzedwa ndi bungwe la ZIMSEC, ndipo a Fomu 4, otchedwa O Level, ndiwo chipata chachikulu, chifukwa makoleji ambiri amafuna kuti munthu akhale atakhoza maphunziro asanu ndi giredi C kapena kuposa, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo m'makosi ambiri amafunanso masamu ndi sayansi. Mu 2023 amene anakwanitsa maphunziro asanu anali pafupifupi 29 mwa 100 alionse, ndipo mu 2024 anali pafupifupi 33. Wofuna yunivesite amapitiriza zaka ziwiri kufika Fomu 6 n'kulemba A Level, kumene magiredi amasinthidwa kukhala mapointi: A ndi 5, B ndi 4, mpaka E amene ndi 1, motero wokhoza maphunziro atatu ndi A yekhayekha ali ndi mapointi 15. Wowerenga wa ku Malawi achenjere apa, popeza kwawo mapointi ochepa ndiwo abwino, pamene ku Zimbabwe ochuluka ndiwo amatsegula zitseko. Chimene chimagwetsa ana ambiri sichichitika m'chaka chomaliza ayi, koma pokwera Fomu 3, pamene mwana amasiya masamu poganiza kuti akupepuza mtolo, kapena pamene kholo, poti mayeso amalipiridwa phunziro lililonse palokha, limulembetsa maphunziro ochepa okha amene ndalama yakwanira. M'mera mpoyamba, ndipo wolangiza amene wafika mwana ali mu Fomu 4 wafika mbewu zitamera kale.

N'chifukwa chake mwa magulu atatu aja a aphunzitsi, makalaliki ndi ophunzira, ophunzirawo ndiwo amafika msanga ndiponso amamveka kwambiri. Makoleji a zauphunzitsi a pafupi, monga Morgan Zintec ndi Belvedere mu Harare, ndi Seke ku Chitungwiza, amatumiza ophunzira awo kukaphunzitsa m'sukulu kwa materemu angapo asanamalize kosi, ndipo mnyamata kapena mtsikana wotero, amene wangoposa ana a m'kalasimo ndi zaka zowerengeka, amakhala chithunzi cha kolejiyo tsiku lililonse popanda womutuma. Ana amamufunsa zimene sangafunse mphunzitsi wamkulu, monga ngati wolephera masamu angabwereze, kapena ngati kukoleji amalandira mtsikana amene ali ndi mwana kale. Vuto lake ndi lakuti makoleji amatumiza ophunzira awo kusukulu zolembetsedwa, motero mwana wa m'kasukulu ka kuseri kwa nyumba, amene akusowa uphungu kuposa onse, sakumana naye.

Wophunzira wa ku yunivesite kapena ku Harare Polytechnic amene amagona ku Hopley ali ndi mphamvu ina imene kabuku kotsatsa malonda kalibe. Iye amadzuka kusanache, amatunga madzi pachitsime, amakwera minibasi, imene kumeneko amati kombi, kudutsa pa mphambano ya Mbudzi kulowa m'tauni, ndipo ngati akupita ku Mount Pleasant amakweranso ina, zonsezi anansi akuona. Mayi wogulitsa masamba akamuimitsa pamsewu safunsa za kukongola kwa laibulale, koma amafunsa kuti fizi ndi zingati, ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, kuti thiransipoti imadya zingati pa sabata, ndiponso ngati mwana wamkazi amabwera kusanade. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amagamula ngati banja liyese kapena lisiye, ndipo amakhulupirika chifukwa woyankhayo amamwa madzi a chitsime chomwecho. Yemweyo ndiye amatumiza pa WhatsApp chithunzi cha chilengezo cha malo chimene chatuluka mu Sunday Mail, nyuzipepala imene mabanja ambiri sagula, ndipo nthawi zina amabwereketsa foni yake ndi bandulo yake kuti mnzake alembe fomu ya pa intaneti.

Udindo wa ogwira ntchito m'maofesi sutchulidwa kawirikawiri, chikhalirecho pempho la mwana limapulumuka kapena kufera pawindo lawo. Wofunsira malo amabwera ndi envulopu momwe muli fotokope ya kalata ya kubadwa, ya chiphaso cha unzika, ndi ya zotsatira za mayeso, zonse zitadindidwa ndi munthu wololedwa kutsimikiza zikalata, amene nthawi zambiri amapezeka kupolisi, pamodzi ndi lisiti yosonyeza kuti walipira ndalama yofunsira malo, yomwe sibwezedwa. M'mabanja ochokera ku Malawi sizachilendo kuti dzina lalembedwa mosiyana pa mapepala awiri, mwina chifukwa kalaliki wakale analimva mwa Chishona, mwina chifukwa mwana analembetsedwa m'dzina la malume amene anali ndi chiphaso. Kalaliki angathe kungobweza envulopuyo, ndipo sanalakwe lamulo lililonse, koma wina amatenga mphindi ziwiri kufotokoza kuti pakufunika kalata yolumbira yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, kapena kuuza mwanayo kuti mapointi ake sangakwane pa kosi imene wasankha ndipo aikepo ina m'malo achiwiri. Kwa munthu amene wakongola ndalama ya kombi, kuuzidwa kuti abwerenso mawa kumafanana ndi kukanidwa.

Aphunzitsi a m'makoleji nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ndondomeko ya Education 5.0, imene inabwera pamene Amon Murwira anali nduna ya maphunziro apamwamba, imawerengera kutumikira anthu a m'madera pakati pa ntchito zisanu za sukulu zoterezi, pamodzi ndi kuphunzitsa, kufufuza, kupeka zinthu zatsopano ndi kutukula mafakitale. Iwo amayendera sukulu pa masiku olangiza za ntchito, amaweruza mipikisano ya sayansi, ndipo amaima m'misasa ya makoleji awo pa chionetsero cha zaulimi chimene chimachitika ku Harare chakumapeto kwa Ogasiti. Mphunzitsi wa zamagetsi amene wafika ndi kachipangizo ka sola n'kulola mwana kulumikiza mawaya mpaka babu liyake wachita zoposa amene walankhula kwa ola lonse. Komabe pamafunika kunena mosabisa kuti maulendo oterewa amakonda kulowera kusukulu zimene zimakhozetsa kale, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ophunzira a mapointi ambiri ndi makolo otha kulipira, ndipo chionetsero chija n'cholowa ndi ndalama.

Popeza awiri mwa ana atatu alionse sakwanitsa maphunziro asanu, kulankhula za yunivesite kokha n'kusiya ambiri panja. Makoleji a ntchito zamanja amalemba mayeso a bungwe la HEXCO, amene ali ndi makwerero akeake kuchokera pa satifiketi kufika pa dipuloma, ndipo bungwe la Young Africa, lomwe linayamba mu 1998 ndipo lili ndi malo ku Chitungwiza, limaphunzitsa achinyamata kudzera mwa amisiri amene amayendetsa mabizinesi awo pamalo pomwepo. Ku Hopley komweko, chipatala ndi malo a achinyamata a Tariro anamangidwa mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda wa Harare, mabungwe a UNFPA ndi ILO, ndi kampani ya simenti ya Lafarge, ndipo achinyamata a m'deralo anaphunzitsidwa zomanga n'kugwira nawo ntchitoyo. Khoma limene mnyamata wa pakhomo loyandikana analimanga limakopa anzake popanda womemeza. Kumbali ina ya makwerero kuli pulogalamu ya USAP, imene Rebecca Zeigler Mano anaiyambitsa ku Harare mu 1999 pofuna kuthandiza ana anzeru a m'mabanja osauka kupeza maphunziro aulere kunja, ndipo imalimbikitsa amene anapindula nayo kuti azibwerera kukathandiza a kwawo.

Sikuti aliyense wobwera ndi fomu ndi bwenzi. Wokopa ophunzira amakhala ndi chake chimene akufuna, pakuti sukulu imadalira fizi, ndipo m'madera ngati Hopley muli makoleji ena osalembetsedwa amene amaphunzitsa mwana chaka chonse koma alibe chilolezo cholembetsera mayeso, komanso akamberembere amene amalonjeza malo a unamwino kapena uphunzitsi atapatsidwa kangachepe. Safunsa anadya phula, ndipo mafunso oyenera ndi osavuta: ngati sukuluyo inalembetsedwa ku unduna, ngati ili ndi nambala yolembera mayeso ya ZIMSEC kapena HEXCO, ndipo ikakhala yunivesite, ngati inavomerezedwa ndi bungwe la ZIMCHE. Wolangiza woona amanenanso zowawa, zoti ambiri amene ali ndi madigiri akugulitsa malonda m'misewu ya Harare, chifukwa makolo a ku Hopley amawaona tsiku ndi tsiku ndipo sakhulupirira munthu amene akubisa zimenezo.

Njira imene makoleji saigwiritsa ntchito mokwanira ndi imene mabanja ochokera ku Malawi anadzipangira kalekale, yomwe ndi mipingo, mizikiti ndi magulu othandizana pa maliro. Mpingo umene unayamba kutumikira Amalawi a ku Salisbury (Harare wa lero) mu 1912, womwe lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP, uli ndi nthawi ya zolengeza Lamulungu lililonse, ndipo wophunzira wa kukoleji amene wapatsidwa mphindi zisanu pamenepo amalankhula kwa mwana, mayi ndi agogo nthawi imodzi, m'chilankhulo chimene agogowo amaganizira nkhani za ndalama. Nthawi yake yeniyeni ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene zotsatira za ZIMSEC zimatuluka ndipo banja limakhala ndi milungu yochepa yoti ligamule ngati mwana apite ku Fomu 5, abwereze masamu, kapena atenge envulopu yake kupita nayo ku Harare Polytechnic.